Kodi uphunzitsi ndi ntchito ya olephera? Yankho kwa bambo amene mwana wawo wasankha choko

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zanga, ndipo ndaona kuti funso lawo ndi loyenera kuliyankha pagulu, chifukwa si iwo okha amene akulimbana nalo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino kwambiri mayeso otsiriza a sekondale, makamaka masamu ndi sayansi, koma wawauza kuti akufuna kukaphunzira uphunzitsi. Achibale atamva, ena anangoti kakasi, ena n'kunena poyera kuti kumeneko n'kutaya nzeru, pakuti uphunzitsi ndi ntchito imene munthu amathawirako zikamukanika kwina konse. Bambowa analemba kuti: "Ineyo sindikufuna kumukakamiza mwana, komabe ndikakumbukira aphunzitsi ena amene anandiphunzitsa, ndimaona ngati achibalewa sakunama. Kodi aphunzitsi ndi anthu anzerudi, kapena timangowalemekeza mwa chizolowezi? Nanga ntchito yawo imasinthadi kanthu pa moyo wa mwana?"

Bambo, zikomo chifukwa cholemba mosabisa mawu. Mudziwe poyamba kuti chipongwe chimene achibale anu akunenachi si chatsopano, ndiponso si cha dziko limodzi. M'chaka cha 1903, mlembi wa ku Ireland, George Bernard Shaw, analemba mawu amene anthu akuwabwerezabe mpaka lero, onena kuti munthu wokhoza chinthu amachichita, pamene wosakhoza ndiye amachiphunzitsa. Patapita zaka zoposa 80, mu 1986, katswiri wa maphunziro wa pa yunivesite ya Stanford, Lee Shulman, anawayankha mawuwa ponena kuti wokhoza amachitadi, koma wophunzitsa ndi amene wamvetsa. Mfundo yake inali yakuti kudziwa phunziro ndi chinthu china, ndipo kudziwa m'mene phunzirolo limalowera m'mutu mwa mwana, malo amene mwana amaphunthwa ndi njira yomudzutsira, ndi chinthu chinanso chimene chimafuna nzeru zakezake. Ine ndili kumbali ya Shulman, koma m'malo mokupemphani kuti mungondikhulupirira, ndikuonetsani samu imodzi.

Tiyerekeze kuti ana awiri a zaka zisanu ndi zitatu apatsidwa samu yochotsera iyi: 52 kuchotsa 27. Onse awiri alemba 35. Munthu aliyense wodziwa masamu aona msanga kuti alakwa, chifukwa yankho ndi 25, ndipo ambiri a ife tingathe kuchonga mtanda m'kope, n'kulemba yankho loona pambali, n'kuganiza kuti taphunzitsa. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake saima pamenepo, chifukwa amadziwa kuti 35 ameneyu ali ndi makolo awiri osiyana. Mwana woyamba anaona kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye anangotembenuza n'kuchotsa 2 mu 7, napeza 5, kenako anachotsa 2 mu 5, napeza 3. Iyeyu wadzipangira lamulo lakuti pa mzere uliwonse nambala yaing'ono ichoke mu yaikulu, ndipo lamuloli lakhala likumuthandiza pa masamu ngati 48 kuchotsa 23, n'chifukwa chake palibe amene anamutulukira. Mwana wachiwiri anabwereka bwinobwino, nachotsa 7 mu 12 n'kupeza 5, koma anaiwala kuti 5 uja wabwereketsa ndipo watsala 4. Woyambayo sanamvetse kuti kubwereka n'chiyani, pamene wachiwiriyo wamvetsa koma wasiya ntchito panjira. Mukawapatsa mankhwala amodzi, mmodzi wa iwo sachira.

Tsono mphunzitsi adziwa bwanji kuti uyu ndi uti, m'kalasi imene muli ana ambiri ndipo belu latsala pang'ono kulira? Amalemba pa bolodi samu ina imene waisankha dala, monga 53 kuchotsa 27. Mwana woyamba apeza 34, wachiwiri apeza 36, ndipo matenda awiri aja aonekera poyera. Woyambayo amupatsa timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi kuti amasule mtolo umodzi ndi manja ake, aone kumene 12 akuchokera, pamene wachiwiriyo angomuzoloweza kuphatikiza yankho lake ndi 27 kuti aone ngati likumubwezera pamene anayambira. Zonsezi zimachitika m'mphindi zochepa, maso ena ali pa mwana wa kumbuyo amene wayamba kusinza. Ine sindidziwa dzina lina loitchula ntchito imeneyi kupatula nzeru. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kokha sikukwanira ngati munthu sadziwa chimene akuyembekeza kuona.

Pali kafukufuku wina amene amandisangalatsa chifukwa amasokoneza mbali zonse ziwiri za mtsutsowu. Mayi Liping Ma, m'buku lawo la mu 1999, anayerekeza aphunzitsi a masamu a m'sukulu za pulayimale a ku America okwana 23 ndi a ku China okwana 72. Limodzi mwa mafunso linali kugawa 1¾ ndi ½, kenako n'kupeka kankhani kogwirizana ndi samuyo kuti mwana amve tanthauzo lake. Aphunzitsi a ku America anali atakhala pa sukulu zaka zambiri kuposa anzawowo, ambiri ali ndi madigiri, koma osakwana theka ndi amene anapeza yankho loona la 3½, ndipo pafupifupi onse analephera kupeka kankhani koyenera. Ambiri ankapeka nkhani yogawira anthu awiri chinthu, kusonyeza kuti asokoneza kugawa ndi theka ndi kugawa pawiri. Aphunzitsi a ku China onse anapeza yankho, ndipo ambiri anapeka nkhani zomveka, zofanana ndi kufunsa kuti mu malita 1¾ a madzi mungatuluke mabotolo angati a theka la lita. Apa achibale anu angathe kuombera m'manja kuti aphunzitsi ena sadziwadi zimene amaphunzitsa, ndipo sakulakwa. Koma aonenso kuti kuchuluka kwa zaka za sukulu kapena kukula kwa pepala si kumene kunasiyanitsa magulu awiriwa. Chinawasiyanitsa ndi kuzama pa masamu a ana omwewo, amene anthu ophunzira kwambiri amawaona ngati masewera.

Ndikanakhala wosaona mtima ndikanati aphunzitsi onse ndi ofanana ndi uja ndamufotokoza pa samu ya 52. Inenso ndinali ndi mphunzitsi wa sayansi amene ankalowa m'kalasi, n'kupatsa mwana wa dzanja labwino kope lake lakale kuti akopere pa bolodi, iye n'kutuluka kukaothera dzuwa, ndipo wofunsa funso ankayankhidwa kuti awerenge manotsi. Chaka chonse chinatha tisanaone ndi maso athu chinthu ngakhale chimodzi mwa zimene tinkaloweza. Aphunzitsi otere alipo, ndipo si ochepa monga momwe mabungwe awo amafunira kuti tikhulupirire. Kafukufuku amene akatswiri ogwira ntchito ndi World Bank anatulutsa mu 2017, atayendera mwadzidzidzi sukulu za pulayimale m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa, kuphatikizapo Kenya, Tanzania, Uganda ndi Mozambique, anapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse amene mphunzitsi amayenera kupezeka m'kalasi, pafupifupi 44 sanali m'kalasimo, ena atajomba, ena ali pa sukulu pomwepo koma kunja. Zimenezi si zozibisa. Chimene ndimakana ndi kutenga mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola n'kuuika pa ntchito imene muli anthu mamiliyoni ambiri. Madokotala osasamala alipo, maloya ogona aliponso, koma palibe amene amauza mwana wanzeru kuti asapite ku udokotala pa chifukwa chimenecho. Aphunzitsi timawaweruza mosavuta chifukwa aliyense wa ife anakhala zaka zambiri akuwayang'ana kuchokera pa desiki, ndipo timaganiza kuti ntchito yawo tinaiona yonse, pamene tinangoona mbali imene imaonekera kwa mwana.

Funso lanu lachiwiri, lakuti kodi mphunzitsi amasinthadi kanthu, lili ndi mbiri yaitali. Mu 1966, boma la America linatulutsa lipoti lalikulu lotsogoleredwa ndi James Coleman, limene linafufuza ophunzira oposa 600,000, ndipo linapeza kuti khomo limene mwana akuchokera limakhudza kakhozedwe kake kuposa kusiyana kwa sukulu. Anthu ambiri anamva ngati lipotili likuti mphunzitsi alibe ntchito, koma akatswiri amene anabwera pambuyo anayamba kuyerekeza makalasi a pa sukulu imodzi, a ana ochokera m'mabanja ofanana, ndipo anaona kusiyana kwakukulu. Mmodzi wa akatswiriwa, Eric Hanushek, anapeza kuti m'chaka chimodzi mwana wa m'kalasi ya mphunzitsi waluso kwambiri angaphunzire zofanana ndi za chaka ndi theka, pamene wa m'kalasi ya mphunzitsi wofooka kwambiri amangophunzira za theka la chaka. Mu 2014, Raj Chetty, John Friedman ndi Jonah Rockoff anatsatira ana oposa miliyoni imodzi mpaka atakula, ndipo anapeza kuti amene anadutsa m'manja mwa aphunzitsi aluso ankafika ku koleji mochuluka ndiponso ankalandira ndalama zochulukirapo. Iwo anawerengera kuti kuchotsa mphunzitsi wa m'gulu lofooka kwenikweni n'kuikapo wapakatikati chabe kumawonjezera pafupifupi madola 250,000 pa ndalama zimene ana a kalasi imodzi adzapeze pa moyo wawo wonse. Njira yoyezera luso la mphunzitsi ndi mayeso a ana ili ndi otsutsa ake, ndipo ine sindingaigwiritse ntchito pochotsa munthu ntchito, chifukwa zotsatira za mphunzitsi mmodzi zimasinthasintha chaka ndi chaka. Komabe mfundo yaikulu yaima: pa zinthu zonse za m'kati mwa mpanda wa sukulu, palibe cholemera kuposa munthu woima kutsogolo kwa ana.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani ya mwana wanu. Ngati m'dziko lina anthu ambiri olowa uphunzitsi ndi amene anakanidwa kwina, chimenecho chikutiuza za khomo lolowera ndi malipiro, osati za ntchitoyo. Ku Finland, kuyambira 1979, mphunzitsi wa pulayimale amayenera kukhala ndi digiri yachiwiri, ndipo pa zaka zina mayunivesite ankatenga munthu mmodzi yekha pa anthu khumi ofunsira malo a maphunzirowa. Ku Singapore aphunzitsi amaphunzitsidwa pa sukulu imodzi yokha, National Institute of Education, ndipo boma limawalipira akadali pa maphunziro. M'maiko amenewa mwana wokhoza bwino akati akufuna uphunzitsi, palibe amene amagwira pakamwa. Kwina zinthu zimayenda mobwerera: malipiro akachepa anthu aluso amathawa, aphunzitsi akasowa boma limatsitsa zoyenereza kuti makalasi asakhale opanda munthu, zoyenereza zikatsika ulemu umatsika, ndipo ulemu ukatsika makolo amaletsa ana awo anzeru kulowamo. Bungwe la UNESCO linanena mu 2024 kuti dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni pofika 2030, ndipo 15 miliyoni mwa iwo ndi a maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Pamene kusowa kuli kotere, chiyeso chotsegula khomo kwa aliyense chimakula. Mukaonetsetsa, achibale anu akudandaula kuti m'uphunzitsi mulibe anthu anzeru, koma ndi iwo omwe aima pakhomo kutsekereza wanzeru amene akufuna kulowa.

Sindikunena kuti mumuuze mwanayo kuti zonse zidzakhala bwino. Muuzeni zoona: kuti m'maiko ambiri adzalandira zochepa poyerekeza ndi anzake a m'kalasi amene adzapite ku uinjiniya, kuti adzachonga makope usiku, kuti kukwezedwa pa ntchito kumachedwa, ndiponso kuti zaka zoyambirira ndi zowawa, chifukwa luso la kuphunzitsa limakula kwambiri m'zaka zoyamba zimenezo ndipo palibe amene amayamba ali katswiri. Mumuuzenso kuti kukhoza masamu sikutsimikizira kuti adzakhala mphunzitsi wabwino, pakuti anthu ena amene phunziro linkawalowa mosavuta amavutika kumvetsa chifukwa chimene mnzawo sakumvera, ndipo amapsa mtima msanga. Ngati akusankha uphunzitsi chifukwa choopa mpikisano wa kwina, zimenezo muyenera kuzidziwa, ndipo iyenso ayenera kuzivomera.

Njira yodziwira ilipo, ndipo sifuna ndalama. Mupezereni mwana wa pulayimale amene masamu akumuvuta, amuthandize kwa milungu ingapo, inu muzingoonera chapatali osalowerera. Muone chimene amachita mwanayo akalakwa. Ngati amathamangira kumuuza yankho, kapena kubwereza mawu omwewo mokweza, ndiye kuti pali zoti mukambirane. Koma ngati amaima, n'kuyang'anitsitsa m'kope, n'kumufunsa mwanayo kuti afotokoze m'mene wapezera yankho lakelo, ndipo madzulo n'kubwera kwa inu akusimba mosangalala kuti watulukira pamene pakukola, pamenepo mwaona chinthu chimene achibale sangachione pa chikalata cha mayeso. Mungathe kuyamba lero lomwe: mulembereni papepala kuti 52 kuchotsa 27 ndi 35, mumuuze kuti ana awiri anapeza yankho limeneli m'njira zosiyana, ndipo mumufunse samu imodzi imene angawapatse kuti awasiyanitse. Mudzandilembere zimene ayankhe.