Kwa achimwene ojambula agalu ovala majekete ku Ulongué

Achimwene, mwafunsa ngati zithunzi zanu zoseketsa za agalu ovala majekete ndi amphaka opalasa njinga zingasanduke bizinesi yojambulira anthu ziweto zawo. Zingatheke ndithu, koma ogula ambiri simuwapeza pakhomo panupo. Kuno ku Angónia galu ndi mlonda wa pakhomo, ndipo mlimi amene wagulitsa mbatata yake ya kachewere sangatulutse ndalama kulipirira nkhope ya galu. Amene amasambitsa agalu awo ndi kuwapatsa mayina apamtima ali mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, makamaka ogwira ntchito m'migodi ya malasha ndi alendo ochokera kunja, choncho zithunzi zanu muzizionetsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, mawu ake mutalemba m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi.

Nthabwalayo ndiyo malonda anu enieni, popeza chithunzi wamba aliyense amajambula yekha ndi foni. Komabe nthabwala imafuna chilolezo cha mwini chiweto. Musanagwire utoto, mufunseni khalidwe la galu wake, kaya ndi wakuba nsima kapena wamantha pakagunda bingu, kenako mumutumizire chojambula cha pensulo kuti avomereze. Pali zina zimene simuyenera kuyerekeza ngakhale wogula ataumirira: galu wovala chigoba cha Gule Wamkulu, zovala zaufumu kapena nsalu ya chipani. Kwathu kuno, mpaka ku Macanga ndi Tsangano, zoterezo sizisekedwa, ndipo chithunzi chimodzi chingakufikitseni pabwalo la mfumu.

Pa za ndalama, landirani theka la mtengo kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola musanayambe ntchito, chifukwa chithunzi cha mphaka wa munthu wina simungachigulitse kwina mwiniwake akasintha maganizo. Mtengo wotumizira chithunzi pa minibasi (chapa) muuwerengeretu, ndipo maoda akayamba kuchuluka mukatenge nambala ya msonkho yotchedwa NUIT ndi kukafunsa za laisensi ku BAÚ, ofesi ya boma yothandiza pa ziphaso za bizinesi.

Alimi musawaiwale konse, koma muwafikire kudzera pa ng'ombe. Munthu wa ngolo amanyadira ng'ombe zake kuposa mmene a m'tauni amanyadira agalu, ndipo ng'ombe yake itajambulidwa pathabwa la kumbuyo kwa ngolo, itavala chipewa, dzina lake lili pansi, iziyenda misika yonse ikukuitanirani ogula ena.