Nyimbo ndi zithunzi zakale kwa bambo amene ayamba kuiwala

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Bambo anga anabadwa mu 1947 ndipo madokotala akuti ali ndi matenda a Alzheimer. Dzina langa amaliiwala, koma tsiku lina nyimbo yakale italira pa wailesi anaimba mawu onse, misozi ili chuchuchu. Zimatheka bwanji? Nanga ndingatani kuti zizichitika kawirikawiri?"

Amayi, zimene munaonazo n'zodziwika. Matendawa amayambira kuwononga mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus, imene imathandiza kusunga zinthu zatsopano, n'chifukwa chake zadzulo ndiye zimathawa msanga. Nyimbo imene munthu anaikonda kalekale imakhala m'mbali zina zimene matendawa amafikako mochedwa. Mu 2009, Petr Janata wa ku yunivesite ya California ku Davis anasonyeza kuti mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi imalumikiza nyimbo yodziwika ndi zimene munthu anakumana nazo pa moyo wake. Nyimbo ikalira, imakoka ndi zonsezo.

Yambani ndi kuwerengera zaka. Okalamba amakumbukira kwambiri zimene zinawachitikira ali ndi zaka 10 mpaka 30, makamaka pa unyamata. Kwa bambo anu, fufuzani nyimbo za pakati pa 1962 ndi 1972. Funsani alongo awo ndi anzawo akale zimene ankavina, osati zimene inu mukuganiza kuti n'zabwino. Nyimbo 10 kapena 15 zakwana. Pezani zojambulidwa ndi oimba oyambirira enieniwo, chifukwa zoimbidwanso ndi achinyamata nthawi zambiri siziwagwira mtima.

Muziwaikira nyimbozi m'mawa, kwa mphindi 20 kapena 30, TV ili yozima. Madzulo odwala ambiri amasokonezeka ndipo sachedwa kupsa mtima. Khalani moyang'anizana nawo. Phazi likayamba kugunda pansi kapena milomo kugwedera, nyimbo imeneyo ilembeni. Akayamba kutembenuka uku ndi uku kapena kufuna kudzuka, zimitsani. Misozi payokha si vuto, koma nyimbo ya pamaliro a munthu amene ankamukonda ikhoza kuwautsira chisoni ngati kuti uthengawo aumva lero.

Pa zithunzi m'pamene ambiri amalakwitsa. Amatenga chithunzi n'kufunsa kuti, "Ababa, uyu mukumukumbuka? Ndani ameneyu?" Pamenepo mwawapatsa mayeso, ndipo akalephera amachita manyazi n'kukhala duu. Nyumba yoonetsera zojambula ya MoMA ku New York inayamba mu 2006 kulandira odwala Alzheimer ndi owasamalira, ndipo kumeneko amakambirana zimene maso akuona pa chojambulacho. Inunso teroni. Nenani kuti, "Taonani chipewa ichi, chinali cha tsiku lalikulu ndithu," kenako khalani chete. Yankho limatha kuchedwa, musawadule pakamwa. Akasokoneza mayina, musawakonze.

Zithunzizo zikhale zitatu kapena zisanu, zosindikiza papepala lalikulu loti agwire m'manja, chimodzi nthawi imodzi. Za pafoni n'zazing'ono ndipo zimazima akangozikhudza. Za gulu la anthu ambiri zimawatopetsa.

Zonsezi sizichiritsa matendawa, ndipo mankhwala apitirire monga adokotala ananenera. Ngati nyimbo zonse zikuoneka kuti siziwakhudza, kawapimitseni makutu kaye, poti pa msinkhu umenewu ambiri samvanso bwino.