Mafunso Anu: Ndatsala pang'ono kutenga loni yogulira munda ku Santhe, ndipitirize?

A Mlangizi,

Ine ndi mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Kasungu, kwatsala zaka 8 kuti ndipume ndiye ndikufuna kamunda koti ndizidzalima soya ndi mtedza. Malo ndapeza awiri cha ku Santhe. Ena ndi ma ekala 12 a banja lina, akuti K6 miliyoni ndipo amfumu adinda kalata tsiku lomwelo, ena ndi chigawo cha esiteti ya fodya yomwe eni ake anamwalira, ana ndi amene akugulitsa koma iyi yakwererapo mtengo. Amene akundiyendetsa akuti ndifulumire pali wina wa ku Joni akufunanso. Ndalama ndili nazo theka, yotsalayo ndikufuna loni ya ku banki. Nanga a MRA pamenepa zikuwakhudza?

Mphunzitsi wa ku Kasungu

Aphunzitsi,

Choyamba, wa ku Joni uyo musiyeni agule ngati alipodi. Dobadoba aliyense wa malo amakhala naye wa ku Joni wake mthumba, ndipo sabwera ayi, ntchito yake ndi yoti inu mutulutse dipoziti musanafunse mafunso.

Tiyambe ndi ma ekala 12 aja. Kalata ya amfumu ija, olo ikhale ndi sitampa yofiira bwanji, si title deed, chikalata cha boma chotsimikiza umwini wa malo. Malo a kumudzi amfumu amangosungira anthu awo, si katundu wawo, ndipo kwa ife Achewa munda kawirikawiri ndi wa mbumba, ndiye amene akukulozerani malire ndi dzanjayo mwina ndi mkamwini chabe kapena mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri amene wapanikizika ndi ngongole ya feteleza. Inu mulipira bwinobwino, mulima chaka choyamba, soya akangochita bwino mudzangoona atsibweni atulukira kuchokera ku Lilongwe kuti "munda wa amayi athu anagulitsa ndani?" Ine zinandionekera izi, kamunda ka ma ekala atatu, ndinafika Okutobala ndi anyamata aganyu ndinapeza mizere yakwezedwa kale, mayi wina atakhala pa chulu akusenda chinangwa osandiyang'ana nkomwe. Wogulitsa foni yosapezeka. Ndalama ija ndinabwezedwa pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri kwacha itagwa kale.

Lamulo la malo a kumudzi la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 nkukonzedwanso mu 2022, linabweretsa makomiti oona za malo, wapampando amakhala gulupu, mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu ndipo osachepera atatu akhale amayi. Munthu akalembetsa munda wake amapatsidwa setifiketi ya customary estate. Kasungu inali m'gulu la maboma oyamba kuyesera kalembera ameneyu pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi, koma sikuti mudzi uliwonse unafikiridwa. Ndiye kwerani kabaza mupite kwa DC, ku ofesi ya za malo, muwauze dzina la mudzi, gulupu ndi T/A, mufunse ngati mundawo unalembetsedwa, m'dzina la ndani, komanso ngati lamulo panopa likulola kuti uchoke kwa iwo kubwera kwa inu, chifukwa lamuloli linamangitsa kwambiri nkhani yogulitsa malo amtunduwu. Akakuyankhani kuti njira ilipo, pamenepo ndiye mukhale pansi ndi banja lonse, mwini mbumba, azilongo, ana akuluakulu, oyandikana nawo munda mbali zonse, muyende malire ndi miyendo masana dzuwa likuswa mtengo. Azilongo aja akamangoti atanganidwa sabwera, dziwani kuti sanavomere.

Esiteti ija nde ikundikoka mtima, koma nayo ili ndi zake. Maesiteti ambiri a fodya a ku Kasungu kuno anatsegulidwa m'ma 1980, nthawi imene burley ankaloledwa kulima ndi a esiteti okha, ndipo ambiri anapatsidwa lease, pepala lobwereka malo ku boma, ya zaka 21. Werengani nokha, inu ndi aphunzitsi, ya mu 1988 inatha mu 2009. Ngati sanakaonjezere zaka ndiye kuti anawo akukugulitsani pepala lakufa, mwinanso pamwamba pake pali ground rent, lendi ya malo yopereka ku boma, ya zaka zambirimbiri yosalipidwa ku unduna wa za malo. Pemphani fotokope ya lease ndi mapu ake, mupite nazo ku ofesi ya Lands ya chigawo chapakati ku Lilongwe akakuchitireni search, muone dzina, zaka zotsala, komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki ina. Poti bambo anamwalira, wosayina akhale amene ali ndi kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye, osati amene ali ndi mawu akulu pa banjapo. Chigawo chanucho adule saveya wovomerezeka, aike mabikoni, ndipo kusamutsa lease kumafuna chilolezo cha boma. Muonenso ngati mkatimo simunakhazikike anthu, matenanti akale ena anamanga, ena anaika ndi manda momwemo, amenewo simungawachotse ndi pepala lokha. Apa loya musamuthawe, ndalama yake imawawa tsiku limodzi.

Mapu amalemba mahekitala, kumudzi timayankhulana ma ekala, hekitala imodzi ndi pafupifupi ma ekala awiri ndi theka. Ekala ya pakamwa imakonda kufupika ikakumana ndi GPS.

Za loni tsopano, apa ndikhala ngati ndikukugwetsani ulesi. Banki siilandira kalata ya amfumu ngati chikole, ndiye loni imene mungapeze ndi ija yodula ku salale. Mu 2024 policy rate ya Reserve Bank, chiwongola dzanja chomwe imabwereketsera mabanki, inafika 26 peresenti, mabanki amaikanso yawo pamwamba, ndiye tiyerekeze mwatenga K3 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongola dzanja chokha chaka choyamba chikuyandikira K900,000, musanagule mbewu, musanalipire aganyu opalira, ndipo banki imadula mwezi ndi mwezi pomwe soya amalipira kamodzi pachaka, mvula ikadula mu Febuluwale ngati mmene inachitira chaka cha El Niño cha 2024 iwo sadziwa zimenezo. Ndikumva mtsutso wake, kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye kusunga ndalama ku akaunti nkutaya, bola munda. Nzoona, koma zimenezo zimagwira pa ndalama yanu, osati yobwereka. SACCO ya kuntchito imakhala yofewerapo, banki nkhonde ndi yogulira mbewu basi, katapila asakuyandikireni nkomwe. Ine nditakhala inu ndingagule ma ekala ochepa ndi ndalama ili mmanjayo, kapena kupangana zolipira kawiri, gawo lomaliza pokhapokha mapepala atatuluka m'dzina langa. Ndalama idutse ku banki, osati m'jumbo pansi pa mtengo wa mango.

Msonkho ulipo koma suluma ngati loni. Pa malo a lease, chikalata chosamutsira umwini chimalipiridwa stamp duty, kawirikawiri wogula ndi amene amatulutsa, ndipo wogulitsa amayenera kukatenga tax clearance, kalata yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ku MRA kaye, komanso phindu lomwe wapeza pogulitsa malowo limawerengedwa ngati ndalama yokhomera msonkho. Izi mulembe mu mgwirizano kuti akulipira ndani, apo bii mudzalipira ndinu chifukwa wofuna pepala ndinu. Inuyo mukhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ku MRA, muzilipira ground rent chaka ndi chaka, ndipo mukamadzagulitsa soya ku makampani akuluakulu amadula withholding tax, msonkho wodulidwiratu musanalandire ndalama, setifiketi yake muzitenga. Malisiti onse, a saveya, a loya, a mjigo mukadzakumba, muike mu fayelo imodzi, tsiku lodzagulitsa ndi amene adzachepetse msonkho wa pa phindu.

Chinanso, malo mwawaona liti? Mu Ogasiti munda uliwonse ndi wokongola. Dothi la mchenga la kwathu kuno lomwe lalimidwa fodya ndi chimanga zaka zambiri limakhala lotopa, mukaona timaluwa tofiira ta kaufiti m'chimanga mwadziwa kale, ndipo kumunsi kwa kudambo madzi amaima mpaka mtedza kuola. Apempheni akubwereketseni ma ekala awiri kapena atatu chaka chino mulipire lendi, muone msewu ngati lole ingafike nthawi yokolola, mumve zomwe amayi akuyankhula pa mjigo. Ngati pali m'bale wokwiya atulukira nthawi yobzala, inu mutangotaya ya lendi yokha.

Munditumizire fotokope ya tsamba loyamba la lease ija, chaka chomwe inayambira tichionere limodzi mwezi wamawa.