Kasensa ka liwiro kapena ka cadence: muyambe kugula kati?

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati ndalama ikukwana kasensa kamodzi kokha ka pa njinga, ndiye mukufunsa ngati mutenge ka liwiro kapena ka cadence, komanso ngati kangakuthandizeni pa chitunda cha Ku Chawe ku Zomba chomwe chikumakusiyani maondo akuphwanya. Tengani ka cadence. Liwiro foni yanu ikukuuzani kale kudzera pa GPS, koma GPS siingadziwe cadence, kutanthauza kuti mapedulo akuzungulira kangati pa mphindi imodzi.

Komanso liwiro ndi nambala yonyenga. Lowerani msewu wa ku Jali mu July mwera ukukuwombani kumaso, mudzabwera nazo: popita nambala yochititsa manyazi, pobwerera ngati katswiri, pomwe miyendo ndi yomweyo. Cadence ilibe nazo ntchito za mphepo kapena mtsetse, imangokuuzani zomwe miyendo yanu ikuchita. Otchova ambiri ozolowera amasewera pakati pa 80 ndi 95 pamalo athyathyathya. Oyamba kumene amakonda giya yolemera, n'kumakankha cha m'ma 60 poganiza kuti kulemerako ndiye kulimbitsa thupi. Vuto lake n'lakuti giya yolemera imatula katundu yense pa minofu ndi m'maondo, pomwe giya yopepuka yozungulira msanga imagawira ntchitoyo mtima ndi mapapo, ndipo zimenezo zimabwerera m'chimake msanga kuposa ntchafu zotopa. Musatengere anzathu akabaza pa Matawale. Iwo njinga zawo n'zagiya imodzi, alibe kuchitira mwina.

Musanatulutse ndalama, yesani izi mawa: mukutchova bwinobwino, werengani kuti bondo lamanja lakwera kangati pa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Imeneyo ndiye cadence yanu. Kasensa kamangochita zomwezo mosalekeza, ngakhale pomwe inu muli befu moti kuwerenga sikungatheke.

Pogula, onani kuti kalembedwa Bluetooth ndi ANT+ zonse ziwiri, zomwe ndi njira zake zolumikizirana ndi zipangizo zina popanda waya. iPhone silandira ANT+, ndipo mafoni ambiri a Android nawonso salandira, ndiye pa foni mudalira Bluetooth. ANT+ idzakuthandizani tsiku lomwe mudzapeze kakompyuta ka pa handulo ngati ka Garmin kapena Wahoo. Tisensa tamasiku ano sitifunanso maginito pa sipoko, timazindikira tokha kuzungulira. Ka cadence kamamangidwa ndi kalabala mkati mwa crank ya kumanzere, chitsulo chija chogwira pedulo, ndipo mukamanga zungulitsani pedulo ndi dzanja pang'onopang'ono, muone ngati sikakukhula felemu kapena nsapato. Timalabala timeneti timauma ndi dzuwa, timang'aluka, kenako kasensa kamagwera m'fumbi inu osamva. Ine ndimawonjezera kachidutswa ka legeni pamwamba pake.

Chenjerani ndi totchipa tolembedwa kuti n'ta liwiro ndi cadence pamodzi, monga Magene S3+. Kamachitadi zonse ziwiri, koma osati nthawi imodzi. Mumasankha ntchito yake pochotsa batire n'kubwezeretsanso, ndipo mtundu wa kagetsi kamene kayake ndi umene umakuuzani kuti kali pa ntchito iti. Kwa inu zimenezi n'zabwino, chifukwa mugula kamodzi n'kukaika pa cadence. Batire lake ndi CR2032, lija lozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo limakhala miyezi yambiri.

Polumikiza ndi pamene ambiri amakwiya n'kunena kuti agulitsidwa chakufa. Kasensa kamagona njinga ikaima, ndiye yambani mwazungulitsa pedulo kuti kadzuke. Musakasake m'masetingi a Bluetooth a foni, kasakeni mkati mwa app yomwe mukugwiritsa ntchito. Tambiri timalola foni imodzi yokha pa Bluetooth, moti ngati app ina yakagwira kale, inayo sikaona. Ndipo Strava, app yosunga maulendo a panjinga, inachotsa kulumikiza masensa mwachindunji mu 2019, kenako inabwezeretsa za kugunda kwa mtima zokha. Njira yosavuta ndi kujambula ulendo ndi app ya Wahoo, yomwe ndi yaulere, n'kuilumikiza ku Strava kuti izitumiza yokha.

Tsopano za phiri, pomwe pagona nkhani yanu. Kasensa sikadzachotsa chitunda, kadzangokuonetsani chomwe chikukupwetekani. Tiwerengere limodzi. Tayala la 700x25 likazungulira kamodzi limayenda mamilimita pafupifupi 2105. Ngati giya yanu yopepukitsitsa ndi ya mano 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, monga zilili njinga zambiri zakale zobwera pa kaunjika, kutchova kamodzi kumakuyendetsani mamita 3.3. Mukamakwera pa makilomita 8 pa ola, cadence yanu ndi 40 basi. Pamenepo ngakhale mutalimba mtima bwanji, maondo alira. Pa 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, liwiro lomwelo likupatsani 52. Pa 34 ndi 32, mufika 60. Ndiye mukaona kuti magiya mwatsitsa onse koma nambala ikukakamira pansi pa 55 kuyambira kumunsi mpaka pa damu la Mulunguzi, dziwani kuti ndalama yotsatira ipite ku magiya akumbuyo, osati ku kasensa kachiwiri. Mufunse kaye amakanika ngati derailleur yanu, chija chosinthira magiya kumbuyo, ingalandire giya yaikulu choncho, chifukwa zina zazifupi sizifikapo, ndipo mwina tcheni ifunikanso yotalikirapo.

Pophunzira, musayambire kuphiri. Pezani gawo losakwera kwambiri, monga mbali zina za msewu wa M3 wolowera ku Domasi, m'mawa maminibasi asanachuluke. Onani kaye nambala yomwe miyendo yanu imakonda, kenako pepukitsani giya imodzi n'kuwonjezera 5 yokha pa nambalayo kwa mphindi zisanu, mupumeko, mubwerezenso. Masiku oyamba mudzamva ngati mukungopalasa mphepo ndipo mudzapuma wefuwefu kuposa kale. N'zachibadwa, zimatenga masabata angapo. Mukayamba kudumphadumpha pa chishalo ndiye kuti mwapyola muyezo, bwererani pang'ono. Ndipo musamapenyetsetse foni potsika phiri, makona aja salola maso awiri kugawana ntchito.

Ka liwiro kali ndi malo ake. M'nkhalango ya paini pamwamba paja GPS imasochera, moti foni imatha kunena kuti mwaima pomwe mukuyenda. Kasensa ka liwiro, komangidwa pa habu pakati pa tayala, sikasochera chifukwa kamawerenga tayala lenilenilo. Kamathandizanso dzinja ngati muli ndi chotchovera m'nyumba, bola mukamange ku tayala lakumbuyo. Mukadzagula, musangokopera nambala ya tayala pa intaneti. Popani mpweya monga mumayendera, ikani valuvu pansi penipeni, lembani ndi choko pa simenti, kwerani n'kuyenda mpaka valuvu itabwereranso pansi, mulembenso. Yezani ndi tepi pakati pa mizere iwiriyo, ndipo mamilimita amenewo ndi amene mulowetse mu app. Mukadzasintha tayala kuika lina lonenepa kapena lowonda, muyezenso.