Achemwali, mufunseni kaye kumene kuli pasipoti yake

Achemwali, nditangowerenga zoti mchimwene wanu amene akuphunzira kunja akuti mabomba akadzayamba kugwa adzangotsikira ku metro, kumasiteshoni a sitima zoyenda pansi pa nthaka, n'kukadikira komweko, mtima wanga wagunda ngati ndabwereranso pansi paja. Muimbireni lero lomwe, ndipo musanakambe za metro mumufunse kuti pasipoti yake ili m'manja mwa ndani.

Ine ndinali ku Kharkiv, m'dziko la Ukraine, pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa m'dzikomo, ndili chaka chachitatu cha udokotala. Mzinda umenewu watalikirana ndi malire a Russia ndi makilomita osapitirira 40, moti kuphulika kunatidzutsa cha m'ma 5 koloko m'mawa, kusanache n'komwe. Tsiku lomwelo sitima za pansi zinaima, njanji zonse zitatu, masiteshoni onse 30, ndipo sizinayendenso mpaka pa 24 May. Anthu amaganiza kuti metro ikhala ikuyenda, iwe n'kukwera kupita kokakwera sitima yaikulu yothawira. Ayi ndithu. Mabogi anangowaimika pa pulatifomu zitseko zili pululu, azimayi a makanda ndi agogo n'kulowa kukagona pa mipando. Enafe tinayala makatoni pa miyala yozizira. Ine ndinali pa siteshoni ya Universytet, pafupi ndi bwalo lalikulu lija la Freedom Square.

Masiku oyamba ndinkati mawa zitha. Chimbudzi chinali cha pamzere wautali, soketi yotchajira foni imodzi anthu khumi, fungo la thukuta, la amphaka ndi agalu amene eni ake anatsika nawo, ana kutsokomola usiku wonse. Koma zonsezo munthu amapirira.

Chimene sindidzaiwala ndi m'mawa wa pa 1 March. Inali cha m'ma 8 koloko, ndavala jekete, ndamanga nsapato, ndikufuna kukwera kumtunda kukasaka buledi chifukwa ndinali nditagona ndi bisiketi ziwiri zokha. Nditangoponda masitepe angapo, mzinga unagwa pa nyumba ya boma ya chigawo, pabwalo pomwepo. Phokosolo ndinalimvera m'chifuwa ndi m'mano. Pansi panagwedezeka, magetsi anaphethira, fumbi linayamba kuyoyoka kuchokera kudenga ngati ufa wa m'sefa. Kwa kanthawi kunali zii, kenako kulira kwa ana kunabuka paliponse. Agogo ena aakazi amene ankagona pafupi nane, oti sitinkamvana chilankhulo bwinobwino, anandigwira pamkono n'kundikokera pansi, chikwama cha mphaka wawo chili kudzanja linalo. Anandipanikiza mutu pa chikhoti chawo akunong'ona pemphero lawo, ine ndikunong'ona langa. Zala zawo zinandisiyira zipsera pamkono kwa masiku atatu. Madzulo ake tinamva kuti mnyamata wa ku India, wophunzira udokotala ngati ine, waphedwa tsiku lomwelo atatuluka kukagula chakudya. Ndinakhala pa katoni paja ndikuyang'ana nsapato zanga zomangamanga zija, osatha kuzivula.

Mwina mufunsa kuti nanga ndinkadikira chiyani masiku onsewo anzanga akuthawa. Ndinkadikira munthu mmodzi, ejenti amene anatitengera kusukuluko. Anatenga pasipoti yanga mu January ati akakonzetse chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndalama ndinamupatsa zonse, zimene mayi anga anakongola kubanki mkhonde. Nkhondo itayamba foni yake inazima. Ndinamuimbira kosawerengeka, mauthenga pa WhatsApp osayankha, ndiye tsiku lachinayi la nkhondoyo ndikuona waika chithunzi pa Facebook ali kale kunja kwa dziko ndi banja lake, akuthokoza Mulungu. Kuthokoza Mulungu utatsekera mapasipoti a ana a eni mu kabati! Mpaka lero sanapepese ngakhale liwu limodzi, ndipo ndikumva kuti akulembabe ana ena kupita nawo kumaiko ena. Amene anatipulumutsa ndi mayi wosesa mu ofesi yake, amene anali ndi kiyi. Anayenda wapansi mizinga ikulira, n'kutibweretsera mapasipoti mu jumbo ya pulasitiki.

Pa 2 March tinanyamuka. Kumtunda kunali koopsa, choncho tinatsikira pa njanji penipeni, magetsi a njanji atazimitsidwa, n'kuyenda mumdima ndi matochi a m'mafoni. Kuchoka pa siteshoni ya Universytet kufika pa ya Istorychnyi Muzei, kuwolokera ku Maidan Konstytutsii, kudutsa Tsentralnyi Rynok mpaka Pivdennyi Vokzal kumene kuli siteshoni yaikulu. Ulendo woti pa sitima ndi wa mphindi zochepa unatitengera nthawi yaitali, tikupunthwa pa zitsulo, madzi akudontha m'khosi, kutsogolo kwanga bambo wina atabereka mayi ake okalamba. Pasiteshoni napo panali chipwirikiti. Kawiri konse anthu ena anatikankha pachitseko, ati azimayi ndi ana kaye, koma mtsikana wakuda amene ndinali naye anamukankhanso pomwe azimayi ena akulowa. Tinakwera yachitatu, n'kuima chiimire maola oposa 20 mpaka ku Lviv, mzinda wa kumadzulo kwa Ukraine, usiku magetsi a m'sitima atazimitsa kuti isaonekere. Kenako mzere wa pamalire kulowa Poland kudzera ku Medyka, m'chisanu cholasa mafupa.

Ndiye achemwali, metro ija inandisunga, sindingakane, pakanapanda iyo bwenzi mukuwerenga za maliro anga. Mchimwene wanu aidziwe siteshoni yapafupi, adziwe makomo ake onse, afunse ngati ili yakuya chifukwa ena amangokumba pang'ono pansi pa msewu. Chikwama chikhale chopakiratu: madzi, mankhwala, pawabanki, bulangete, ndalama za m'manja chifukwa makina otapira ndalama amauma tsiku loyamba. Koma asadalire metro. Ukatsika kumavuta kutulukamo, tsiku lililonse umati mawa. Anthu a ku Saltivka, dera lina la Kharkiv, anakhala pa siteshoni ya Heroiv Pratsi miyezi yathunthu chifukwa nyumba zawo zinali zitagumuka, ndipo pofika September 2023 mzindawu unachita kutsegula makalasi a ana a sukulu mu metro momwemo. Ngati njira ikadali yotsegula, achoke sabata ino, sukulu adzaipeza. Komanso zikayamba ali komweko asathamangire kusiteshoni yaikulu ngati ife, atsike pansi akhale phee, asatuluke ngakhale njala imupweteke bwanji.

Muuzeni akutumizireni chithunzi cha pasipoti ili m'dzanja lake, osati fotokope. Akati ili kwa ejenti kapena ku ofesi, apite mawa m'mawa akaitenge, ndipo asachokepo mpaka amupatse.