Musanamuveke jezi, kaonaneni kaye ndi wokhapidwayo

Eee, mphwanga, uthenga wako ndauona. Pepa kuchedwa, kuno ku Chitakale mvula ikangoyamba netiweki imathawa, komanso zolembalemba pafoni ine zimandivuta, ndiye ungomvera mawuwa. Achemwali, nanunso mutchere khutu, chifukwa ndaona mwayankha kale pagulupu pano kuti munthu wa chikwanje sasintha.

Ndiye ukuti mnyamata uja wa nambala naini watuluka, wamaliza zaka zake ziwiri pa mlandu uja wokhapa mnzake ku Limbuli, ndipo kochi wanu akufuna mumusaine bonanza isanayambe. Komiti yagawikana pakati, Loweruka mukukavota, iwe sukudziwa ugwere mbali iti. Ndamva bwino eti?

Choyamba, achemwali, apa ndikutsutsani pang'ono. Khothi linamupatsa zaka ziwiri, wagwira, zatha. Majisitireti sananene kuti akatuluka asadzamenyenso mpira. Nanga tikamukana ku mpira, mawa akamukana kothyola tiyi, mkuja amukana pa siteji ya kabaza, tikufuna adye chiyani? Abwerera kumene anachokera basi, kumowa ndi kumanong'onong'o a pamsika. Ndiye zoti asasewerenso mpaka kalekale, ayi, ine sindili kumeneko.

Iwe umatsata mpira wa ku England kuposa ine, umamudziwa Troy Deeney amene ankasewera ku Watford. Uja mu 2012 anagamulidwa miyezi 10 chifukwa cha ndewu, anaponda munthu m'mutu ku Birmingham. Anakhalamo pafupifupi miyezi itatu, Watford inamulandiranso, ndipo pamene timuyo imalowa mu Premier League mu 2015 kaputeni anali iyeyo. Ngakhale Tony Adams wa Arsenal yanuyi, mu 1990 anagona kundende chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, n'kubwerako n'kudzanyamulabe zikho. Kochi wanu akakutchulirani mayina amenewa sakunama.

Koma pali mayina ena amene kochi sangakutchulireni. Goloboyi wa Plymouth Argyle, Luke McCormick, mu 2008 anawomba galimoto ina ataledzera, ana awiri apachibale n'kufa, wina wa zaka 10 wina wa zaka 8. Anamupatsa zaka 7 ndi miyezi inayi, anatuluka mu 2012, chaka chotsatira Plymouth inamutenganso, kenako n'kumuveka ukaputeni. Makolo a ana aja anadandaula poyera. Tangoganiza, iwe ana ako ali kumanda, munthu uja ali pa TV akutsogolera anzake kulowa m'bwalo, anthu akuwomba m'manja. Ku Scotland nako, Raith Rovers mu Januwale 2022 inasaina David Goodwillie, munthu amene khothi la milandu ya chipukuta misozi linapeza mu 2017 kuti anagwiririra mkazi, iye osavomera. Mayi amene amathandiza timuyo ndi ndalama anachoka, kaputeni wa timu ya atsikana anachoka, pasanathe sabata akuluakulu a timu akupepesa kuti munthuyu sasewera. Iwo anangowerengera zigoli.

Tsono ndikuuze zanga, zimene sindinaziuzepo ngakhale amayi akowa. Ukukumbuka nthawi ija ndinali mlembi wa timu ya pa esiteti, ndisanapume ntchito? Tinasaina mnyamata wina wochokera kundende. Iyeyo anatchingira bambo wina panjira usiku, kumumenya, kumulanda njinga. Bambo uja mkono sunawongokenso, ntchito yothyola tiyi inathera pomwepo, chifukwa ndi mkono umodzi sungakwanitse makilo amene kapitawo amafuna. Mnyamatayo anagwira zaka zake, anatuluka. Mpira ankaudziwa, phazi lamanzere ngati nyundo. Ife tinachita zonse zimene tinkaona ngati zofunika. Tinapita kwa amfumu, anavomera. Tinauza abwana a pa esiteti, anati bola asabe. Tinamukhazika pansi mnyamatayo, analira, analumbira. Tinamupatsa jezi.

Chimene sitinaganize n'chakuti mkazi wa bambo womenyedwa uja ndi amene ankagulitsa zitumbuwa ndi nthochi pakhomo la galaundi yathu. Tsiku lililonse la mpira amakhala pansi pa mtengo wa mango paja, beseni patsogolo, kamwana kumbuyo. Banja lonse linkadya beseni limenelo kuyambira pamene mwamuna wawo anasiya ntchito. Gemu yoyamba, mnyamata uja anagoletsa tisanapite kopumulira. Masapota anamunyamula m'mwambamwamba, akuimba dzina lake, n'kudutsa naye pamaso penipeni pa mayi aja, fumbi likugwera m'zitumbuwa. Ine ndinali chapafupi ndi kope langa la mayina. Ndinawaona akuvundikira beseni ndi chitenje, kumanga mfundo pang'onopang'ono, kupinda nkhata, kusenza. Sanatukwane munthu, sanalire. Zitumbuwa zinali zodzadza beseni, sanagulitse ngakhale theka. Anangotsetsereka ndi kanjira ka m'tiyi kaja, ndipo pa galaundi paja sanabwerenso.

Mnyamata uja sanapalamulenso, zimenezo ndivomere, lero ali ndi banja lake. Ndiye wina akhoza kunena kuti tinachita bwino. Koma mayi aja mpaka lero ndimakumana nawo pamsika. Ndikati mwaswera bwanji amayi, amangoti taswera, n'kuyang'ana kumbali. Zaka zonsezi. Tinafunsa amfumu, tinafunsa abwana, tinafunsa mnyamata, koma anthu amene magazi awo anatayika palibe anawagogodera pakhomo. Anakamvera m'nyimbo za masapota.

Dikira pang'ono, njinga yamoto ikudutsa... eya.

Ndiye Loweruka usakavote kuti eya kapena ayi. Ukanene kuti voti idikire kaye. Mutume anthu awiri kapena atatu, mmodzi akhale wachikulire, osati anyamata okhaokha a majezi, apite kwa amene anakhapidwayo. Ukuti amakhala cha ku Muloza ndipo amabwera kudzaonera mpira wanu, si choncho? Ndiye ameneyo ndi sapota wanu, chipsera chili pamutu pake. Mudzere kwa nyakwawa ya kwawo, mupite masana, mukhale pamphasa, mumuuze zimene mukuganiza asanazimve kwa anthu a pamsika. Simukupita kukapempha chilolezo ngati iye ndi khothi, ayi. Mukupita kuti amve kuchokera pakamwa panu, ndi kuti inu mumve zimene zili mumtima mwake. Mwina anena kuti musiyeni asewere, ine zanga zinatha. Mwina anena kuti ndalama zimene ndinaononga kuchipatala palibe anandibwezera ngakhale kwacha imodzi. Zikatero mwadziwa poyambira.

Ndipo mnyamatayo mumufunse funso limodzi: chitulukire wapitako kukapepesa? Akayamba zoti anandinamizira, mboni zinagulidwa, uja anayamba ndi iyeyo, pamenepo ine ndingati musiyeni kaye. Munthu amene akukanabe zimene khothi linapeza, mukamuveka jezi ndiye kuti timu yonse yavomera bodza lake. Koma akati ndinalakwa, ndiperekezeni ndikagwade, ameneyo mukhoza kuyenda naye.

China, akalowa alowe mwakachetechete. Zomulandira ndi ng'oma ngati wachokera ku Joni, ayi. Zithunzi pa Facebook zoti mfumu yabwerera, ayi. Ukaputeni asauone chaka chino. Achite nawo tirening'i mwezi wathunthu, atole mipira, atunge madzi ngati wina aliyense. Za bonanza izo, ndikudziwa zimene zikumutenthetsa kochi, ndi ka envelopu ka ashado kaja. Ndalama zimenezo mugawana tsiku limodzi n'kutha, ashado akaluza chisankho simudzawaonanso, koma inu ndi anthu a ku Muloza mudzakumanabe pa maliro ndi pa chigayo.

Achemwali, pamene ndikugwirizana nanu ndi apa. Ukanakhala mlandu wogwiririra mwana kapena mayi, ine sindikanataya mayunitsi anga kulankhula zonsezi. Timu yanu ili ndi atsikana a netibolo amene amachita tirening'i pa galaundi yomweyo, ili ndi tiana timene timatola mipira kuseri kwa golo. Munthu wotero akafune ntchito ina, akhale ndi moyo, koma osati pafupi ndi ana a eni atavala mtundu wa timu. Apa ndi ndewu ya anyamata awiri oledzera, yoipa ndithu, munthu akanafa, koma ndi nkhani imene anthu angathe kukhala pansi n'kukambirana ngati wolakwayo wadzichepetsa.

Mphwanga, ngati komiti ikusowa wachikulire wopita naye ku Muloza, ine ndilipo. Lachisanu m'mawa ndikhala ndamasuka, ndikwera minibasi ya ku Limbuli, iwe undidikire pa siteji. Mugule shuga paketi ziwiri, tisapite chimanjamanja. Ulendo umenewu ndinayenera kuuyenda kalekale kwa mayi a zitumbuwa aja, sindinauyende. Batire ikutha, undiyankhe usiku.