Mukufuna kuthandiza achinyamata a zaluso? Masipika adikire kaye

Mayi wina amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira pa Kasungu boma wanditumizira imelo. Akuti ku Chitete kuli gulu la achinyamata lochita zisudzo, ndakatulo ndi zojambula, ndipo lawapempha kuti azigwira nalo ntchito limodzi. Funso lawo ndi ili: "Ndiwagulire masipika kapena ndingowapatsa ndalama? Nanga ndidziwa bwanji kuti si akamberembere?"

Mayi, lachiwirilo ndi losavuta. Kafunseni ku ofesi ya achinyamata pa boma ngati akulidziwa gululo, komanso ngati linalembetsa ku National Youth Council of Malawi. Ngati akudzitcha bungwe lomwe si la boma, akuonetseni satifiketi ya NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, yomwe kale inali NGO Board. Koma pepala lokha lisakukhutiritseni. Katulukireni tsiku la pulakatisi osawauza. Mukapeza ana ali pansi pa mtengo wa mango akubwereza mawu a sewero, wina akuomba chigubu m'malo mwa ng'oma, gululo lilipodi.

Za masipika ine ndikuti ayi, osati poyamba. Amakasungidwa kunyumba kwa tcheyamani, posakhalitsa ayamba kubwerekedwa m'zinkhoswe ndi m'maukwati, ndalama zake osaoneka. Kenako msungichuma wakwiya, gulu lagawika pawiri. Sikuti anawo ndi akuba. Kudera kumene munthu amadya akapeza ganyu, katundu wodula wongogona m'nyumba amayesa aliyense.

Zimene zimapha magulu otere ndi zinthu zosapatsa chidwi. Mvula ikayamba mu Disembala, pansi pa mtengo paja sipakhalikanso mpaka Malichi. Ndiye alipirireni kalasi pa sukulu kapena holo ya tchalitchi, ndalamazo mukapereke nokha kwa eni malo. Amene amawaphunzitsa muzimupatsa kangachepe pamwezi, chifukwa iyeyo akangotopa n'kupita kukasaka maganyu a fodya, zonse zathera pomwepo. Penti ndi maburashi muli nazo kale m'shopumo.

Chonde musayambitse zamaalawansi. Mukangozoloweza anthu kulandira "ya sopo" pobwera ku pulakatisi, tsiku lopanda envulopu mudzapeza mabenchi okha. Koma akabwera kudzavina pakhomo pa shopu yanu kuti akukopereni makasitomala, imeneyo ndi ntchito, alipireni monga mungalipirire aliyense. Ambirife apa timalakwitsa, timawayesa maluwa okongoletsera mwambo n'kuwathokoza ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa iwo ndi ana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Musaike zithunzi zawo pa Facebook makolo asanavomere, pulakatisi izitha kusanade, ndipo pakhale mayi wamkulu woyang'anira atsikana. Nyimbo ndi ndakatulo zimene apeka ndi zawo, osati za shopu, ndipo zaumwinizo angakafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso.

Zonsezi zilembedwe pa tsamba limodzi, mfumu ya deralo ikhale mboni. M'malo molemba kuchuluka kwa ndalama, lembani zinthu: lendi ya holo, zitini zakuti za penti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zolonjezedwa kale sizinagulenso zimene zinkayenera kugula. Yesani teremu imodzi ya sukulu, ikatha mukhalenso pansi. Ngati pofika pamenepo akufunabe masipika, muwagule m'dzina la shopu, azisaina akamatenga ndi pobweza.